Mchenga wa kuseri kwa khola la Yotamu

Panali munthu wina kumidzi ya ku Iponga, kuno ku Karonga, dzina lake Yotamu. Amene anandiuza nkhaniyi anaziona ndi maso. Yotamu anali ndi ng'ombe, munda wa mpunga ndi pakamwa. Pamsonkhano akaimirira, ena onse ankangotsala ndi ntchito yogwedeza mitu.

Mudzi wawo unali m'mbali mwa mtsinje. Chimene chinkatchinga madzi kuti asalowe m'nyumba za anthu chinali gombe lalitali lomera bango ndi mikuyu, kuseri kwa khola la Yotamu.

Chaka china kunabwera bambo wa lole wochokera ku Boma, wofuna mchenga womangira. Anali wa lilime lozuna. "Mdala, mchenga sutha. Mukakumba, mtsinje umabweretsa wina."

Yotamu anakomedwa. Anatentha bango, nadula mikuyu iwiri kuti lole idzifika pamadzi penipeni.

Mpongozi wake Fainess, mkazi wa mwana wake Kenan, ankachapa pamenepo masiku onse. Iye ndiye anaona kuti gombe layamba kung'aluka. Koma pabanja limenelo ankasungabe mwambo wakale: mkazi sayankhula ndi apongozi ake aamuna, ndipo akawaona akubwera amapatuka njira. Choncho anatuma mwamuna wake.

"Tata, mayi a kunyumba akuti gombe likugumuka kunsi," anatero Kenan.

"Kawauze achape zovala. Mtsinje uwu ndinasambamo iwo asanabadwe."

"Ndaga, Tata," anavomera Kenan m'Chinkhonde, nkhani n'kuthera pomwepo.

Anthu atayamba kung'ung'udza, komiti ya m'mudzi inaitanitsa msonkhano kuti agwirizane ngati lole ipitirize kapena ileke. Amuna anakhala kutsogolo pamabenchi, amayi kumbuyo pa zitenje. Yotamu anayankhula mpaka thovu kukamwa. Anati bambo wa lole walonjeza malata a tchalitchi, nanga bango linamangapo tchalitchi liti? Anthu anaseka.

Wapampando anafunsa mwamwambo chabe, "Amayi, pali mawu?"

Amayi onse anacheukira Fainess. Iye anangoweramira pansi, chifukwa apongozi ake anali chiimire. Manja anakwezedwa, lole inapambana. Mudzi wonse unasankha tsogolo lake osamva munthu mmodzi amene ankaliona gombelo tsiku ndi tsiku.

Koma madzi saiwala khwawa. Mwezi wa Malichi mvula inagwa kumapiri, kumudzi kuli dzuwa lang'aa. Kenan anali atapita kumsika. Yotamu anali m'khola, akumangirira mwana wa ng'ombe, msana atalozetsa kumtsinje.

Fainess ali pamtondo anamva mkokomo. Anaona madzi ofiira akutulukira pomwe pankadutsa lole paja. Kumtunda kunali pafupi, akanathawa. Koma anathamangira kukhola.

"Tata! Tata, madzi! Kwerani mumtengo!"

Yotamu anayamba wadabwa kuti mawu amenewa ndi a ndani, chifukwa anali asanawamvepo akumuitana. Atacheuka, mpongozi wake anali atamugwira kale dzanja, akumukankhira pa mtengo wa mango. Mdala anakwera. Pamene ankatambasula dzanja kuti amukoke, madzi anali atafika ndi zipika za mikuyu zija.

Mtembo wa Fainess anaupeza mawa lake m'minda ya mpunga, kutali ndithu. Nyumba zambiri zinagwa, ng'ombe zinapita. Wa lole sanabwere ngakhale kudzapepesa maliro. Abale anga, zinali zomvetsa chisoni. Kenan sanamunenere bambo wake liwu loipa ngakhale limodzi, ndipo zimenezo ndi zomwe zinamupweteka mdala koposa.

Maliro atatha, komiti inaitanitsanso msonkhano wokambirana zobzala bango ndi mitengo. Yotamu sanakhale pabenchi. Anakhala pansi, ndipo wapampando atamupatsa mpata anangoti, "Ayankhule amayi. Ine ndimvera."

Anthu anadikira. Kumbuyo kuja kunangomveka kulira.

Phunziro: Mtsinje, nkhalango ndi nthaka ndi za mudzi wonse, choncho pokambirana za izo musamvere wa mawu aakulu yekha kapena mlendo amene mawa sadzagona nanu. Ulemu ndi wabwino, koma usatseke pakamwa munthu amene waona ngozi. Mufunseni akadali moyo. Tumizani nkhaniyi ku magulu anu, makamaka kwa amene amakhala kutsogolo pamisonkhano.