Ndege ya Mlombwa

"Ku Chisepo kuno aliyense amandimvera, ndegenso indimvera," anatero a Langton, tcheyamani wa chipani, akusisita kawailesi koulutsira kandege kamene anapanga.

Akazi awo, a Faines, anangotsokomola. Buku la kapangidwe ka tindege limene bamboyo anabwereka kwa ansembe ku Madisi linkati ongoyamba kumene agwiritse ntchito mtengo wopepuka. A Langton anati zopepuka n'za anthu wamba. Anazula chitseko cha mlombwa cha kukhitchini, nalonjeza kudzachibweza ndegeyo ikadzatopa kuuluka.

Mudzi wonse unaitanidwa paphiri. A Langton atakaponya m'mwamba, kandege kanalira pang'ono, n'kugwera pamapazi pawo, khu! Anthu anaomba m'manja ndithu, poti a tcheyamani anali kuwayang'ana.

A Faines anagwada mwaulemu, n'kutola mapiko aja.

"Yatopa eti, bambo? Ndikatseke kukhitchini, mbuzi zanditherako ufa."