Bokosi la Petronela

Madalo anali pakhonde akusita bulauzi pamene foni ya mng'ono wake inalira kamodzi n'kuduka. Petronela anaisuzumira, anamwetulira, n'kuibisa m'chitenje. Koma Madalo anali ataona kale. Nambala yothera ndi 47 ija ankaidziwa kuposa tsiku lake lobadwa. Inali ya Venansio, chibwenzi cha Madaloyo cha zaka ziwiri.

Panali patangotha masabata atatu chibwerereni Madalo kuchokera ku Beira. Parishi yawo ya ku Chilomoni inamusankha chifukwa cha Chisena chimene anayamwira kwa makolo ake a ku Nsanje, ndipo anakhala miyezi isanu ndi umodzi pa mishoni ya masisitere, akuphunzitsa ana katekisimu. Anabwerako ndi korona wa mikanda yabuluu, timawu tingapo ta Chipwitikizi, ndi malaya a Venansio amene anatha tsiku lathunthu akuwasankha. Njira yonse ankangomuona mnyamatayo m'maganizo, ataima pa Wenela, khosi lili m'mwamba, akuwerenga basi iliyonse yolowa. Pa Wenela anapezapo bambo ake okha.

Kunyumba zonse zinali zitachepa. Chipinda chinachepa, msewu unachepa, ngakhale phiri la Michiru linkaoneka ngati chulu kwa munthu woti waona nyanja yopanda tsidya. Kukwaya malo ake anali ataimapo wina. Akangoyamba kuti "Ku Beira ife tinkati," aliyense ankakumbukira kuti wasiya madzi pamoto. Amene ankakhala pansi n'kumvetsera anali Petronela yekha. Belu linkalira nthawi yanji? Makalata ankatenga masiku angati? Simunkawasowa amayi? Madalo ankayankha monyadira, mpaka tsiku limene anazindikira kuti mafunso onsewo anali omuphimba m'maso.

Pajatu Venansio, wokhoma ndowa ndi mbaula pamsika wa Ndirande, ankabwerabe pakhomopo. Koma moni wake unali wa munthu wothamangira minibasi. Akapereka moniwo ankazembera kuseri kwa nyumba, kumene Petronela ndi amayi ankamudikira, n'kumanong'onezana. Madalo akatulukira, nkhani inkafera pomwepo. Akatulukira bambo, a Kalisto, chimodzimodzi.

Tsiku lina akusesa anakoka chikatoni pansi pa bedi la mng'ono wakeyo. Munali nsalu zoyala pabedi ziwiri zoyera mbee, bulangete, mbale, kapu, nsapato zakuda zafulati, ndi ndowa yonyezimira imene kakhomedwe kake sakanakasokoneza ndi ka munthu wina. Pansalu iliyonse amayi anali atasokapo zilembo za dzina la Petronela. Masana omwewo anawapeza akusoka ina, misozi ikudonthera pasingano. Mtsikana wosonkhanitsa zoterezi amapita kuti ngati si kubanja? Nanga mayi amalira chiyani ngati si manyazi a mwana wolanda mwamuna wa mkulu wake?

Miyezi isanu ndi umodzi yokha! Iye ali kutali, akugwada pasimenti, akutchula Venansio m'korona m'mawa uliwonse, kuno anthu ankamugawana mnyamatayo ngati chigumu. Malaya aja anawakankhira pansi penipeni pa chikwama.

Lachinayi anamutsekera njira pampanda.

"Venansio, ndine mlendo ine?"

"Tangodikira Loweruka, Mada. Ndikatula katundu wina wake pano, tikhala pansi tikambirane zathu bwinobwino."

Zathu. Madalo sanali mwana woti sangadziwe kumene nkhani zoyamba choncho zimathera. Anadziwanso chifukwa chake anasankha Loweruka: masana ake a Kalisto ankapita kumsonkhano wa abambo kutchalitchi. A Kalisto omwe aja, amene anasunga mafomu a sukulu ya unamwino pamwamba pa wailesi chitulukireni mayeso a Petronela, ndipo ankauza aliyense m'dera lawo la Nthukwa kuti mwana wawo wachiwiri sachoka pakhomo asanavale yunifolomu ya kuchipatala.

Loweruka, a Kalisto akumanga tayi, Madalo anagwada pakhomo la chipinda chawo.

"Ababa, lero musapite. M'nyumba muno muli zinthu zimene mukubisiridwa."

Nthawi itangokwana 2 koloko, Venansio anatulukira akukankha wilibala. Pamwamba panali bokosi lalikulu lamalata, lofunditsidwa chitenje, likununkha penti yaiwisi. Amayi ndi Petronela anathamangira kukathandiza kutsitsa. Anali atangolikhazika pakhonde pamene chitseko chinatseguka, a Kalisto n'kutuluka, Madalo ali pambuyo pawo.

Amayi anagwira pakamwa. Venansio anavula chipewa.

"Ndi limeneli, ababa," anatero Madalo. "Mwana wanu akukwatiwa mwakuba. Mkamwini wanu ndi uyu waima apayu, amene ankati adzakwatira ine."

"Achemwali, chonde," anatero Petronela. "Abambo Mfumu anati abwera mawa adzawauze okha."

"Mpaka tsiku la ukwati munapangana kale? Tiyeni tiwerenge dzina latsopano la mayi wa pabanja!"

Madalo anakoka chitenje chija mwamphamvu. Penti yoyera inali isanaume bwino, koma zilembo za Venansio zinali zoongoka ngati za m'buku. A Kalisto anavala magalasi, anawerama, n'kuwerenga mokweza, liwu limodzilimodzi: "Petronela Nyakamera. Nyumba ya Ophunzira Usisitere." Anakhala pansi pasitepe, tayi ili pambali.

Petronela anayang'ana mkulu wake, misozi ikulengeza m'maso.

"Kalata yanu iliyonse ya ku Beira inkandipweteka ndi nsanje, achemwali. Koma inu munapita n'kubwerera kwa Venansio wanu. Ine ndikupita osabwerako."