Mpopi wa Nkhungu

Mpopi unali ukudontha pabwalo pamene Ijja ankamangirira zigubu zopanda kanthu pamsana pa bulu.

Mwamuna wake, Mbarek, anatuluka ndi tambula ya tiyi. Anayang'ana kuphiri, kumene maukonde ankakola nkhungu n'kutsitsa madzi ake m'mapaipi, kenako anayang'ana mkazi wake.

"Mayi a Tamou, mukupita kuti? Madzi si awa?"

"Madzi a nkhungu ndi akufa. Tiyi wake amangokhala ngati wa odwala."

"Dzulo munamwa matambula atatu."

Ijja anakoka chingwe mwamphamvu. Chifikireni mpopi miyezi iwiri yapitayo, m'mawa ankasowa chogwira. Ankasesa pabwalo kawiri, n'kuima pakhomo kuyang'ana njira ya kuchitsime cha kuchigwa, ulendo wa maola atatu. Kumeneko n'kumene Tamou, mwana wake wokwatiwa kuseri kwa phiri, ankatungabe. Akuchimuna sankamulola kupita kwina kulikonse. Tsiku lomaliza kuonana, Tamou anali ataphimba tsaya ndi mpango, ndipo sanaseke ngakhale kamodzi.

"Wogula bulu akubwera masana ano," anatero Mbarek. "Buluyu tizingomudyetsa pachabe?"

"Akabwera mumupatse tiyi wanu wa nkhunguyo."

"Anthu atiseka. Mpopi uli pakhomo, inu n'kumakatunga kuchigwa?"

Ijja anatsegula mpopi, anamwetsa bulu mpaka kukhuta, iyenso anamwa m'manja. Anapukuta pakamwa n'kumenya bulu pathako. Zigubu zinayamba kugundana.

"Aseke," anatero osacheuka. "Mpopi wanuwo sunandiuzepo kuti mwana wanga wadzuka bwanji."