Tsitsi la Mayi Pachithunzi

"Masula, uyambirenso," mphunzitsi wa zopanga mawigi anauza mtsikana wina wophunzira, akuloza wigi imene inali pamutu wa chidole. "Ndinati upange wigi yachikale. Akazi a zaka makumi awiri zapitazo sankapatula tsitsi mokhota chonchi."

Mtsikanayo anayang'ana zala zake zotupa. Kwa milungu itatu anakhala akumangirira tsitsi limodzilimodzi pa neti, ndipo ankadziwa kuti akalepheranso amuchotsa m'kalasi.

"Aphunzitsi, sindinapeke ayi. Ndaonera apa."

Anatulutsa chithunzi chakale m'chikwama. "Awa ndi mayi anga. Anamwalira ndili wakhanda. Bambo amati tsitsi langali ndinatengera iwowa."

Mphunzitsi anavala magalasi n'kuchiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anakoka mpando n'kukhala.

"Mwanawe, ili si tsitsi lawo. Lawo linali litathothoka ndi mankhwala akuchipatala. Iyi ndi wigi, ndinawapangira ndili wophunzira ngati iweyo. Kukhotaku ndinalakwitsa ndine."

Mtsikanayo anagwira tsitsi lake, n'kuyang'ananso chithunzicho.

"Ndiye ndimasule?" anafunsa.

Mphunzitsi anapukuta m'maso.

"Ayi, isiye. Mayi ako anaikonda choncho."