Maluwa a Malemu

Duu ankatola tiubweya pa malaya a bambo ake, kamodzikamodzi. Anali atachapa m'mawa, koma mphepo inali itawaza kale tinthenga toyera pa zovala zonse za pachingwe. Akachotsa ka pakolala, kena kankatera pamkono.

Tonseto tinkachokera ku chitsamba cha kumpanda. Chinali chachitali kuposa munthu, masamba ake akuthwa ngati lezala, ndipo pamwamba pake pankagwedezeka maluwa ofewa, otuwa, onga mchira wa gologolo. Odutsa ankaima n'kumasirira. Eni nyumba ankapeza ubweyawo m'ndowa ya madzi akumwa, m'mbale, ngakhale m'mabulangete.

Kuchipinda, Mzime, mlongo wake wamng'ono, anayambanso kutsokomola. Akamapuma, m'chifuwa mwake munkalira ngati likhweru. Namwino anali atanena mosapsatira kuti mwanayo ali ndi mphumu, ndipo maluwa oterewa achoke pakhomo.

Bambo anatuluka atanyamula ndowa yodzaza. Kale ankayendetsa galimoto zazikulu, ndipo pakhomo ankangobwera ngati mlendo. Atabwera kudzaika maliro a akazi awo, anapeza chitsambacho chitachita maluwa. Anasiya za maulendo. Kuyambira pamenepo ankachithirira, kuchiika manyowa, nthawi zina n'kumachilankhula.

Azakhali, amene anabwera kudzakhala nawo pambuyo pa maliro, anasuzumira pazenera.

"Achimwene, mwana akubanika kuno. Bwanji tingodulako pamwamba pokha?"

"Muyambe mwadula mkono wangawu," anatero bambo. "Mayi awo anadzala ndi manja awo. Ndi chinthu chokhacho chamoyo chimene anandisiyira."

"Chokhacho? Nanga ana awiriwa ndi mipando?"

"Mutseke mazenera. Ubweya sugogoda pakhomo."

"Tinatseka kale, mpaka m'nyumba muno mukununkha ngati m'thumba la mbatata. Mwina tizimusunga m'botolo mwanayu."

Bambo anatembenukira ku chitsamba chija. Anakhuthula madzi patsinde, kenako anaweramitsa duwa limodzi n'kulisisita. Tinthenga tina tinanyamuka, tinadutsa pamutu pa Duu, n'kukatera pa malaya amene iye anali atangomaliza kuwachotsa ubweya.

Duu anawayang'ana malayawo kwa kanthawi. Dzina loti Duu anamupatsa chifukwa chongokhala chete, ndipo akaona bambo ake ataima pa chitsambacho, ankaopa kuwauza zimene ankadziwa. Chifuwa cha Mzime chinamvekanso, ulendo uno chosalekeza. Azakhali anathamangira kuchipinda.

Duu anaika malaya m'beseni.

"Bambo."

Bambo anatembenuka, akudabwa kuti mawuwo achokera kwa iye.

"Amayi sanadzale chitsamba ichi. Chimangomera chokha, njere zake zimauluka kuchokera kuseri kwa mpanda. Chaka chilichonse ankachikumba chisanachite maluwa, chifukwa cha chifuwa cha Mzime, ine n'kumataya mizu. Chakula chonchi chifukwa chaka chatha analibenso mphamvu zonyamula khasu."