Chiswe Kuseri kwa Chithunzi

Katundu yense anali atakwera kale m'lole, kupatula chithunzi cha mtsogoleri wa dziko. Gideon atachichotsa pamsomali, dothi la chiswe linakhuthukira pansi, ndipo theka la nkhope linanyenyeka kuseri kwa galasi.

Mkazi wake Thelma anatseka chitseko msanga.

"Bambo a Bessie, tichitenthe?" ananong'ona.

"Utsi auona."

"Tichisiye pompano."

"Nyumba ino ndi ya boma. Wolowamo mawa akatinenera."

"Ndiye tichibise m'matiresi."

"Matiresi amanga kale pamwamba pa lole."

Wina anagogoda. Anali a Ambokile, tcheyamani wa chipani kuno ku Chilumba, amene anakhala akuwathandiza kunyamula mipando chiyambire m'mawa.

"Aphunzitsi, dalaivala akuti ku Dowa n'kutali. Tulutsani chithunzicho, adada. Ndichinyamula ndekha mpaka palole, amayi a chipani ali panjawa akufuna achiperekeze ndi nyimbo."

Panja amayi anayamba kuomba m'manja. Thelma anachikumbatira chithunzicho, galasi litatsamira pachifuwa pake.

Gideon anayang'ana zenera lakuseri. Linali ndi zitsulo zimene anaikitsa yekha chaka chatha poopa akuba.