Rakele Anadina Y

Kompyuta inaima pa funso limodzi: kodi kenelo, mtima wa pulogalamu yoyendetsa pampu ya sola, imangidwe pamodzi ndi gawo lofufuzira zolakwika? Yankho linali Y, kutanthauza inde, kapena N, kutanthauza ayi.

"Ikani N," anatero a Elifala, bwana wake wa Rakele, ataima kumbuyo kwa mpando wake. "Gawo limenelo si lokakamiza. Limangolemetsa makina."

Rakele sanacheuke. Ankadziwa kuti gawolo likakhalapo, makina akazima amasiya atalemba fayilo imene yalakwa ndi mzere wake weniweni.

Kwa masabata atatu pampu ya kwawo ku Chezi inkazima dzuwa lili paliwombo. Pamsonkhano wa komiti ya madzi, a Elifala anamuloza chala n'kunena kuti mtsikanayu ndiye anasokoneza zonse. Kuchokera tsikulo, mayi ake akapita kukatunga kudambo, anzawo ankawafunsa kuti, "Sukulu ya mwana wanu ija ndi imeneyi?"

"Mwandimva kodi?" anafunsa a Elifala.

"Ndakumvani, bwana."

Anadina Y, ndipo mizere inayamba kuthamanga pa kompyutapo.

"Mawa m'mawa keneloyi ndikaiika pa pampu," anatero modekha. "Komiti ndaiitana kale. Pampu ikakazima masana, tikawerenga mokweza zimene yalemba. Fayiloyo ikakhala yanga, ndikagwada pamaso pawo."

A Elifala anakoka benchi n'kukhala pansi. Anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

"Fayilo ya mota ija ndinailemba mothamanga," anayamba motsitsa mawu. "Tikhoza kukonza pompano, awirife."

"Musandiuze ine, bwana," anayankha Rakele. "Ndikufuna mudzi wonse ukamve."